Omvera akuvotera zamtendere zokhazokha, sewero langa lazizira

Mlembi wa Usiku:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimalemba ndi kukonza sewero la mawu lomwe timaika pa intaneti ngati podikasiti, gawo limodzi sabata iliyonse, lotalika mphindi pafupifupi 20. Kumapeto kwa gawo lililonse nkhani timaisiya m'malere, omvera n'kuvota kuti ilowere kuti. Chomwe chapambana ndiye ndimalemba m'gawo lotsatira. Ochita sewero ndi anzanga ongodzipereka, ndipo kulemba, kujambula ndi kulumikiza mawu ndimapanga ndekha.

Nkhaniyo ndi ya namwino wogwira ntchito usiku amene watulukira kuti mankhwala akusowa m'chipinda chosungiramo, ndipo zizindikiro zonse zikuloza mlongo wake, yemwe amayendetsa ambulansi pachipatala chomwecho. Pachiyambi zinkayenda bwino kwambiri. Vuto labwera chifukwa omvera amukonda namwinoyu mopyola muyeso. Ndikafunsa kuti alowe m'chipinda chosungira mankhwala kapena abwerere, amavota kuti abwerere. Mlongo wake agwidwe kapena apulumuke? Apulumuke. Mkulu wa anamwino adziwe kapena asadziwe? Asadziwe. Ndiye magawo angapo apitawa palibe chimene chachitika. Mtsikana amene amasewera namwino anandifunsa tikujambula kuti kodi munthu wakeyu adzachita liti kanthu kena kupatula kuusa moyo ndi kutseka zitseko pang'onopang'ono. Tinaseka tonse, koma funsolo linali loona.

Chondizunguza mutu n'choti anthu omwewo amene akuvota chonchi ndi amene akulemba m'ndemanga kuti nkhani yayamba kutopetsa.

Tsono nali yesero langa. Mavoti amabwera pa fomu ya Google, ndipo zotsatira ndimaziona ndekha. Nditati ndilengeze kuti "agwidwe" ndiye yapambana, palibe angatsutse. Mnzanga amene amatipekera nyimbo akuti ndingochita, poti wolemba ndine ndipo omvera sadziwa chimene akufuna. Mtima wanga ukukana, koma ndikaona sikiripiti ya sabata ino, momwe namwino akumwanso madzi m'khonde akuganiza, mtimawo ukuyamba kufewa. Alipo anayesapo? Kapena pali njira ina yobwezera moto m'nkhani popanda kubera?

Funso lachiwiri ndi la nthawi. Gawo limatuluka Lolemba, voti imatsekedwa Lachitatu, ndimalemba Lachinayi ndi Lachisanu, timajambula Loweruka, Lamlungu ndimachezera kulumikiza mawu. Wochita sewero mmodzi akangodwala kapena kutanganidwa, zonse zimasokonekera. Amene mumapanga masewero otere mumakwanitsa bwanji?

Gogo wa Zisudzo:

A Mlembi, musabere. Za chikumbumtima ndikusiyirani nokha, ine ndinena za ntchito. Mnzanu wa nyimbo akudziwa kale, ochita sewero adzadziwa, ndipo omvera amacheza m'ndemanga zomwe mwatchulazo. Tsiku lina mmodzi adzafunsa kuti "kodi anavotera kuti agwidwe ndani?" n'kupezeka kuti palibe akuyankha. Kuyambira tsiku limenelo voti yanu yatha mphamvu, ndipo votiyo ndi imene ikusiyanitsa sewero lanu ndi masewero ena onse a mawu.

Komanso omvera anu sanalakwe. Werengani mafunso atatu mwalembawo mokweza. Onse ndi funso limodzi: kodi choipa chimugwere munthu amene mumamukonda, kapena chisamugwere? Ndani angayankhe kuti chimugwere? Munthu akamamvera nkhani amafuna mavuto, amafuna mtima uzigunda. Koma mukamupatsa voti m'manja amasiya kukhala womvera, amasanduka mbale wake wa namwino, ndipo mbale amateteza. N'chifukwa chake akuvota mwamtendere kwinaku akudandaula kuti nkhani yazizira. Sakudzitsutsa ayi, mwawaika pamalo awiri nthawi imodzi.

Chimene ndimachita ine n'chakuti omvera amavota pa zimene mtengambali asankhe kuchita, koma zotsatira za chisankhocho zimakhala m'manja mwanga. "Agwidwe kapena apulumuke" ndi chotsatira, ndipo chimenecho musachiperekenso kwa aliyense. Chachiwiri, mbali zonse ziwiri zikhale zowawa. Tiyerekeze chonchi: wodwala wa pabedi la pakona akufunika usiku womwe uno mankhwala aja asowa. Namwino akauze mkulu wa anamwino, akudziwa kuti mlongo wake achotsedwa ntchito mwinanso kumangidwa? Kapena asinthe manambala m'kaundula n'kutenga mankhwala a wodwala wina, zomwe zikumusandutsa nayenso wakuba? Apa palibe khomo lothawira. Aliyense wovota waipitsa manja ake, ndipo sabata yamawa abweranso kuti amve chimene chisankho chake chabala.

"Abwerere", "adikire", "akhale chete kaye", mayankho oterewa muwachotseretu pa fomu. Ngati mukutha kulosera chimene chipambane musanatumize funso, funsolo silinapse. Ndipo ngati pali yankho limene simukufuna kulilemba, musaliike n'komwe. Mphamvu yanu yeniyeni ili pomwepo, posankha mafunso, ndipo ndi yokwanira moti kubera sikufunikanso.

Musaganizenso kuti anthu amavota mwachifundo nthawi zonse. Mu 1988 kampani yosindikiza mabuku a nkhani za zithunzi ya DC Comics inatsegula manambala awiri a foni kuti owerenga asankhe ngati Jason Todd, yemwe anali wachiwiri kukhala Robin, mnyamata wothandiza ngwazi Batman m'nkhani zawo, afe kapena apulumuke. Ofuna kuti afe anali 5,343, ofuna kuti apulumuke 5,271. Anafa ndi mavoti 72 okha. Kusiyana kwake ndi nkhani yanu n'koti owerenga ambiri sankamukonda mnyamatayo. Ndiye voti ya "afe kapena asafe" imangokuuzani ngati mtengambali akukondedwa, sikuuzani kumene nkhani yabwino ili. Ndipo onani mmene zinathera: mu 2005 olemba ena anamuukitsa. Chisankho chachikulu chotero chikapangidwa ndi gulu, olemba amadzavutika nacho.

Pali chinanso chakale kwambiri. Pachionetsero cha Expo 67 ku Montreal mu 1967, dziko la Czechoslovakia linaonetsa filimu yotchedwa Kinoautomat, ya Radúz Činčera. Filimuyo inkaima m'malo angapo, munthu n'kukwera pasiteji kufunsa oonera, iwo n'kudina batani lofiira kapena lobiriwira. Koma mbali iliyonse imene asankha inkabwerera pa funso lomwelo lotsatira, ndipo mapeto anali amodzi: nyumba ikuyaka moto. Anachita dala, komanso masamu ake amakakamiza. Mafunso 10 a mayankho awiriawiri amabala njira 1,024 ngati nthambi sizikumananso. Inu muli ndi mwayi poti mumalemba njira imodzi yokha imene yapambana, koma phunziro la filimuyo likukukhudzani: dziwani kumene nkhani ikuthera. Lembani pa pepala zinthu zitatu kapena zinayi zimene zichitike zivute zitani, mwina wodwala uja amwalira, mwina namwino ndi mlongo wake adzayang'anizana maso ndi maso m'gawo lomaliza. Omvera asankhe njira yokafikira kumeneko.

Womvera Chabe:

Ine sindilemba, ndimangomvera ndi kuvota m'masewero otere, ndiye mundikhululukire ndikalowerera nkhani za akatswiri. Agogo, zambiri mwanenazo ndagwirizana nazo, koma za filimu ya ku Montreal ija zandikhumudwitsa. Ngati nyumba ipsa kaya ndadina lofiira kaya lobiriwira, ndiye ndavoteranji? Kwa ine kumeneko n'kubera komwe, kungoti kwavala jekete.

Chimene ndimafuna ine si kulamulira mapeto. Ndimafuna nkhani izikumbukira. Ngati tinavota kuti namwino aname kwa mkulu wa anamwino m'gawo lachitatu, ndikufuna bodzalo lidzamupeze m'gawo lachisanu ndi chitatu, mkuluyo adzakane kumukhulupirira pa nthawi imene akunena zoona. Pamenepo ndimamva kuti tinachita ndife. Koma ngati sabata yotsatira aliyense akulankhula ngati bodzalo silinanenedwe, ndimasiya kuvota, ndipo posakhalitsa ndimasiyanso kumvera.

A Mlembi, ndikuululireninso chifukwa china chimene timavotera zamtendere. Olemba ena amalanga. Ukasankha yankho lolimba mtima, gawo lotsatira mtengambali waphedwa kapena wapunduka, ngati wolembayo akutiuza kuti "mwaona zimene mwachita?" Ukapsa kamodzi umaphunzira kuvota mwamantha. Kaya inu munachitapo zotere, mukudziwa nokha.

Pempho langa: muzilengeza manambala enieni kumayambiriro kwa gawo. Ndipo ife ogonja muzitiuzako pang'ono chimene chikanachitika.

Kachipangizo:

Za nkhani akuuzani kale. Ine ndiyankhe za nthawi, chifukwa ndondomeko yanuyo ikudwalitsani.

Vuto ndi loti mukudikira voti kuti muyambe kulemba gawo lonse, pomwe m'mphindi 20 zija zimene zikudaliradi voti mwina ndi zinayi kapena zisanu. Zochitika za mlongo ali m'ambulansi, macheza a odwala, zakale za banja lawo, zonsezi sizisintha kaya omvera asankha chiyani. Zimenezo lembani ndi kujambula pasadakhale, magawo awiri kapena atatu tsiku limodzi ochita sewero akapezeka onse. Ndiye pa chochitika chodalira voti, jambulani mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, voti isanatsegulidwe n'komwe. Ikatsekedwa mumangosankha fayilo. A DC Comics aja anachitanso chimodzimodzi, anakonzeratu masamba a mbali zonse ziwiri. Koma chochitika chokhacho, osati gawo lonse kawiri. Mapanga awiri avumbwitsa.

Njira ina ndi kuchedwetsa chotsatira. Voti ya kumapeto kwa gawo 5 iziyankhidwa chakumapeto kwa gawo 6, kapena m'gawo 7. Mumapeza sabata yathunthu yopumira, ndipo omvera amakhala pamoto nthawi yaitali, zomwe si zoipa. Muwauze poyera kuti ndi mmene zizikhalira.

Mukayamba kulumikiza mawu ojambulidwa masiku osiyana, khutu limamva msoko. Choncho chipinda chikhale chomwecho, maikolofoni pamalo omwewo, mtunda wa pakamwa ndi maikolofoni womwewo, ndipo lembani penapake mlingo umene mwatsegulira mawu olowa kuti musamangoyerekeza. Musanayambe, jambulani masekondi 30 aliyense ali chete. Phokoso la chipinda chopanda wolankhula limenelo ndi limene mumayala pansi pa misoko kuti pasamveke dzenje. Jambulani mu WAV, mtundu wa fayilo wosunga mawu osawapanikiza, MP3 yopanikizidwa ibwere pomaliza. Pa Audacity, pulogalamu yaulere yokonzera mawu, pali Loudness Normalization, yolinganiza kukwera kwa mawu: Apple Podcasts imalimbikitsa -16 LUFS (LUFS ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo mukamatsatira mlingo umodzi gawo lililonse womvera savutika kukweza ndi kutsitsa. Ngati sewero lanu silidalira mawu ochokera kumanzere ndi kumanja, mono (mawu ofanana mbali zonse) ya 64 kbps imakwana, gawo la mphindi 20 limakhala pafupifupi 10 MB. Phokoso la zitseko ndi ambulansi mukalitenga pa Freesound, tsamba la pa intaneti logawirana mawu ojambulidwa, muziwerenga chilolezo cha fayilo iliyonse, chifukwa CC0 ndi yomasuka, CC BY imafuna mutchule mwini wake, ndipo ya NC siyilola kupangira malonda.

Za voti yeniyeniyo. Podikasiti imayenda pa RSS, njira yofikitsira magawo ku mapulogalamu omverera, yomwe imangonyamula fayilo ndi mawu ofotokoza gawo, mulibe batani lovotera. Spotify ili ndi mavoti akeake, koma amawaona okhawo omvera pa Spotify. Ndiye linki ya fomu ikhale pamzere woyamba wa mawu ofotokoza gawo, ndipo muitchulenso ndi pakamwa. Pa fomu ya Google mutha kuletsa munthu kuvota kawiri, koma zimafuna alowe ndi akaunti yake, ndipo ena amagwa ulesi pomwepo. Musankhe chimene chikukuwawani kwambiri, kuchepa kwa ovota kapena munthu mmodzi wovota kakhumi. Mavoti a pa WhatsApp sindikulangizani: aliyense amaona mayina ndi mbali imene ikutsogola, ndiye obwera mochedwa amangotsatira gulu. Mayankho akhale awiri. Mukaika atatu, awiri ofanana amagawana anthu, lachitatu n'kupambana ndi mavoti osafika theka, ndipo ambiri amakwiya.

Lachitatu n'kufulumira kwambiri kutseka. Anthu ambiri samvera tsiku lomwe gawo latuluka. Mukajambuliratu mbali ziwiri, voti itha kukhala yotsegula mpaka Loweruka.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala: munthu amene adzapeze sewero lanu chaka chamawa. Adzamvera magawo onse motsatizana, ndipo akamamva "votani pofika Lachitatu" kumapeto kwa lililonse adzaona ngati wafika phwando litatha. Chilengezo cha voti chijambulidwe pachokha, chiikidwe kumapeto nyimbo yotsekera itadutsa. Voti ikatha mumachichotsa n'kukweza fayilo yatsopano pa gawo lomwelo, malo ambiri osungira mapodikasiti amalola kusintha fayilo popanda kufufuta gawo. Sewerolo liyenera kumveka lathunthu kwa munthu amene sanavoteko.

Mlembi wa Usiku:

Zikomo nonse. A Womvera, za kulanga zija sindinachitepo, koma ndaona kuti mafunso anga ankaopseza chimodzimodzi, chifukwa yankho lolimba mtima linkamveka ngati msampha nthawi zonse. Manambala ndizilengeza, ndipo ndipempha mmodzi wa ochita sewero kuti aziona nawo zotsatira za fomu, kuti yesero lija lisamandipeze ndili ndekha usiku.

Funso la sabata ino ndalisintha. Mlongo uja wamupeza namwino m'khonde n'kumupatsa kiyi wa chipinda cha mankhwala, akuti amusungire mpaka mawa ndipo asafunse chilichonse. Mkulu wa anamwino akubwera, akufunafuna kiyi yemweyo. Namwino apereke kiyiyo n'kunena kumene waitenga, kapena ayiponye m'thumba la mnzake wogwira naye usiku, yemwe ndi wosalakwa? Ndawerengera ochita sewero, ndipo anagawanika mpaka kukangana. Amene amasewera namwino akuti mbali zonse ziwiri akudana nazo ndipo akufuna kujambula zonse.

Koma ndili ndi funso lina, Agogo. Ineyo sindinatsimikize ngati mlongoyu ndiye wakubadi. Ndimaganiza zoti m'gawo lomaliza omvera avote kuti wakuba ndani pakati pa anthu atatu: mlongo, mkulu wa anamwino, kapena wosunga kaundula. Kodi zimenezi zikuphwanya lamulo lanu lija?

Gogo wa Zisudzo:

Funso la kiyi lapsa. Musaliwonjezere kanthu.

Za wakuba, zinachitikapo ndipo zinayenda. Charles Dickens anamwalira mu 1870 asanamalize buku lake lomaliza, The Mystery of Edwin Drood, lomwe linkatuluka m'zigawo mwezi ndi mwezi. Mu 1985 Rupert Holmes analisandutsa sewero la nyimbo ku New York, ndipo pamene Dickens analekezera sewerolo limaima, oonera n'kuvota kuti wakupha ndani. Ochita sewero amakonzekera mapeto onse. Koma onani chifukwa chake zimakoma kumeneko: aliyense m'holomo akudziwa kuti mwini nkhani anapita ndi yankho lake kumanda, ndipo sewerolo ndi lanthabwala. Votiyo ndi mbali ya chisangalalo.

Lanu si lanthabwala. Omvera anu akhala miyezi akutola zizindikiro, akukangana kuti kiyi uja anali ndi ndani usiku woyamba. Mukawauza pamapeto kuti yankho kunalibe, kuti wakuba ndi amene gulu lamuloza, mwawalanda chimene ankasaka. Komanso zizindikiro zimene zingaloze anthu atatu mofanana zimakhala zofooka zonse. Voti ili ndi mphamvu pa zimene zichitike mawa, osati pa zimene zinachitika kale m'chipinda chija. Sankhani wakuba lero, mulembe pa pepala, mumuuze yekhayo amene amamusewera kuti adziwe mmene azinamira. Voti yomaliza ikhale ya chimene namwino achite atadziwa zoona.

A Womvera, pa za kukumbukira mwandigonjetsa, ndipo nyumba ija ikapsa koma anthu otulukamo n'kukhala osiyana malinga ndi mavoti, ndikhulupirira simudzatinso n'kubera. A Mlembi akhale ndi kope lolembamo voti iliyonse ndi ngongole imene yasiya: ananamizidwa ndani, anaona ndani, akusunga chakukhosi ndani. Koma zouza ogonja chimene chikanachitika, pamenepo ndikukana mpaka sewero lithe. Mukaulula sabata yomweyo, theka la omvera lizikhala m'nkhani imene kulibe, likuyerekeza ndi imene ilipo. Mafayilo a mbali zogonja asungeni bwino, poti a Kachipangizo akujambulitsani kale, mudzawatulutse onse pamodzi ngati gawo lapadera nkhani ikatha. A DC Comics nawo masamba aja a Jason Todd atapulumuka anadzawasindikiza ngati buku lathunthu mu 2023, patapita zaka 35.